Lole imene sinakhotere ku Goliati

Linali Lachisanu, sabata yachiwiri ya Januwale, cha m'ma leveni koloko m'mawa, pamene lole ya esiteti ya tiyi inafika pamphambano pomwe msewu wa ku Goliati umapatukira. Kumbuyo kwa loleyo kunali bokosi la amuna anga. Ine ndinakhala pansi pambali pa bokosilo, mutu uli pamiyendo ya amayi anga aang'ono. Kunali mvula yamvumbi, ndipo tonse tinafunda tenti imodzi yonunkha masamba a tiyi. Dalaivala anachepetsa liwiro, anaima pang'ono, kenaka n'kupitirira molunjika, njira ya ku Bvumbwe, mbali ya kwathu.

Alamu anga aamuna, akulu awo a malemu, anali nafe kumbuyoko. Anadzambatuka n'kuyamba kumenya denga la kutsogolo ndi zikhatho.

"Wapitirira! Iwe dalaivala, wapitirira! Ku Goliati n'kumbuyo uku!"

Lole sinaime. Kutsogolo, pambali pa dalaivala, kunakhala atsibweni anga, eni mbumba yathu. Anawakhazika kumeneko chifukwa mwendo wawo unali wotupa, ndipo amene anawagwira mkono pokwera anali alamu omwewo. Titafika kumudzi alamu anamugwira dalaivala malaya. Iye anangoti, "Bambo, ine ndimafunsa amene wakhala kutsogolo. Ndinafunsa, madalawa anati lunjika. Zakumbuyo sindimva ine, mvula ikumenya chitsulo." Anatsitsa bokosi, natembenuza lole, n'kubwerera kukanyamula masamba.

Amuna anga ankagwira ntchito kufakitale, kumene amafotetsa masamba asanawagaye. Anagwa ali pantchito Lachitatu, ndipo pofika nawo kukiliniki anali atatisiya kale. Ukwati wathu unali wachikamwini. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a amayi anga, ngakhale masiku ambiri tinkakhala kumalaini, m'nyumba ya kampani, popeza inenso ndimatchola tiyi. Lachinayi lonse akuluakulu anakambirana za koika maliro. Akwathu ankati munthuyu anamanga kwathu, ana ake atatu ali kwathu, agone pamene ana ake aziona. Akwawo ankati mkamwini ndi wobwereka, akafa amabwerera kwa amayi ake. Zonsezi zimachitika m'dera mwathu, palibe amene ankanama. Anabalalika osagwirizana, koma aliyense anachoka akuganiza kuti mawu ake ndi amene amveka. Atsibweni anaimba foni kumudzi kuti adzukulu ayambe kukumba. Alamu nawo anaimba kwawo. Motero Lachisanu lija manda okumbidwa anali awiri, munthu womwalira mmodzi.

Ine sanandifunse. Ndiyenera kunenanso kuti akanandifunsa ndikanati kwathu. Pamene lole inapitirira, mkati mwa kulira konse kuja, mtima wanga unakhala pansi pang'ono.

Abale ena a malemu anafika madzulo pa matola, mwambo wa mapemphero uli mkati. Apongozi anga aakazi sanabwere. Anali okalamba, maso awo ankaona pafupi pokha, ndipo anakhala tsiku lonse pakhomo pawo kudikira lole. Amene anatsogolera gululo anali alamu anga aakazi, mlongo wawo wa amuna anga, mnzanga wa pantchito. Ine ndi iwo tinali m'gulu limodzi lotchola, pansi pa kapitawo mmodzi, ndipo nthawi yopuma tinkamwera kapu imodzi. Tsiku limenelo anaima kumanda, chitenje atamanga m'chiuno, n'kukuwa anthu onse akumva.

"Mwaba mtembo! Akuba nkhuku tinawazolowera, koma akuba mtembo tawaona lero!"

Atawapatsa chakudya anakana onse. Mbale zinabwerera momwe zinapitira. Pochoka, alamu aakaziwo anandiyang'ana, naloza duku lakuda limene amayi a mpingo anali atangondimanga kumutu.

"Limenelo adzakuvulani amene analunjikitsa lole."

Kwathu kuno mkazi akaferedwa amavala zakuda mpaka abale a mwamuna abwere kudzamusudzula. Amakhala pansi mbali zonse ziwiri, akuchimuna amanena kuti mwana wathu anapita, mayiyu tam'masula, amamuika kandalama m'manja, ndipo mmodzi wa iwo amamuvula duku. Zikapanda kutero iwe ukadali mkazi wa malemu. Kuukwati supita, pachinkhoswe suvina, ndipo kulikonse kumene ungalowe anthu amayamba atsitsa mawu. Abale ako sangakuvule, ngakhale atafuna. Kawirikawiri zimatha pakapita mwezi umodzi kapena iwiri. Ine ndinangoona miyezi ikudutsa.

Patapita masiku tinamva zimene zinachitika ku Goliati. Dzenje lokumbidwa silikwiriridwa lopanda kanthu, choncho anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu, n'kuliika m'menemo. Amayi anga aang'ono atamva anaomba m'manja. "Anthu opemphera amenewo? Kuimbira nyimbo nthochi?" Tinaseka. Kanali koyamba kuti ndiseke chimwalirireni amuna anga.

Nyumba ya kumalaini ndinaitula, popeza inali m'dzina la malemu. Ndinabwerera kumudzi ndi ana, n'kumapita kuntchito pa njinga yawo ija. Madzulo aliwonse pakhonde pa atsibweni nkhani inali imodzi: nkhanza za anthu a ku Goliati. Atsibweni ankagwedeza mutu n'kumati, "Kulanga mkazi wamasiye chifukwa cha mkangano wa amuna! Mwanayu analakwanji? Ife sitingachite zotero. Kwathu kuno timadziwa ulemu." Mawu amenewa ankandikoma. Dzuwa likamawotcha duku lija pakati pa munda wa tiyi, thukuta likutsikira m'maso, ndinkawabwereza mumtima.

Kuntchito gulu lathu linagawikana. Ena ankakhala ndi ine nthawi yopuma, ena ndi alamu. Kapitawo anayamba kutipatsa mizere yotalikirana. Tsiku lina anaiwala, natiika mzere umodzi, ine kuyambira kumtunda, iwo kumunsi. Mayi wina wa kumalaini, wodziwika ndi nthabwala, anakuwa ali chapatali.

"Inu pachilamu, mukumana pakatipo! Mutani? Wina adumphe mnzake?"

Akazi anaseka. Ife tinkangotchola, masamba awiri ndi nsonga, kuponya kudengu kumsana, osadzutsa mutu. Titatsala pang'ono kugundana, alamu analankhula chapansipansi, maso ali pamasamba.

"Amayi akuti akufuna aone pamene pagona mwana wawo."

Sanati muli bwanji, sanati alamu. Inenso sindinatero. Ndinakoka nsonga ya duku langa n'kunena kuti, "Mukawauze ayambe andivula ichi."

"Ndi inu mukuyankha choncho?"

"Ndi inu munayamba."

Anatembenuka n'kukayamba mzere wina. Madzulo ndinafotokoza kwa atsibweni, ndipo anandiyamikira. Anati ndayankha ngati munthu wamkulu. Tsiku lomwelo anatuma mawu kwa adzukulu kuti munthu aliyense wa ku Goliati asaloledwe kulowa kumanda. Kumanda kwathu mlendo salowa yekha, amayenera kutsogoleredwa ndi eni ake, ndiye kutseka njira sikunavute. Yankho lochokera ku Goliati linabwera msanga: ayambe aona manda, kenaka asudzula. Lathu linapita: ayambe asudzula, kenaka aona manda.

Kuyambira pamenepo zinthu zinkangopita n'kubwerera. Nditakolola nandolo woyamba ndinaiwala mkangano pang'ono, n'kutumiza kathumba kwa apongozi monga ndinkachitira chaka chilichonse. Kanabwezedwa kosamasula. Amayi aang'ono anati ndi mwano woopsa, kubweza chakudya. Patapita sabata zingapo kunabwera mkoko wa nthochi wa ana kuchokera kwa agogo awo, ndipo amayi aang'ono omwewo anamuuza wanjinga kuti abwerere nawo asanatsitse n'komwe. "Kapena ndi zija zinatsala poika maliro," anatero, anthu n'kuseka. Mwana wanga wamkazi wamkulu anafunsa ngati apite kukaona agogo ake patchuthi. Atsibweni anati ana a mbumba yathu sapita kumudzi wa anthu otukwana. Kenaka tinamva kuti akwawo akunena kuti ife tinamudyetsa mankhwala mbale wawo, n'chifukwa chake tinathamangira kuika. Tinakwiya kwambiri. Kunena zotere za anthu olira! Pasanathe mwezi, amayi aang'ono anabwera kuchokera kwa mlosi wina ndi nkhani yoti amene anapha amuna anga anali mlongo wawo yemwe. Anthu anati n'zoona, ankaoneka kale.

Nthawi yonseyi sindinaone chilichonse chachilendo. Zawo zinali nkhanza, zathu kunali kudziteteza. Iwo anagwira mkazi wamasiye, ife tinagwira mayi wokalamba, koma ine ndinkaona duku langa lokha chifukwa ndi limene linali pamutu panga.

Mwezi wa Julaye mkulu wina wa mpingo, amene ankatidziwa tonse popeza mpingo wathu ndi umodzi, anati zakwana. Anakonza kuti tikumane Loweruka m'mawa m'kachalichi kena ka pamsika waung'ono, pakati pa kwathu ndi kwawo, kuti pasakhale wonena kuti wapita kwa mnzake. Mbali zonse zinavomera. Ine ndinachapa duku langa, lomwe tsopano linali litasuluka n'kukhala ngati phulusa, ndikuganiza kuti mwina kanali komaliza.

Tinafika molawirira, anthu asanu ndi ine. Kunali chiperoni, kamvula kosalekeza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Titayandikira kachalichi, atsibweni anaima.

"Dikirani. Afika?"

Amayi aang'ono anasuzumira. Munali mkulu wa mpingo yekha, akukonza mabenchi.

Atsibweni anati, "Ndiye tisalowe. Tikayamba ndife aziti tabwera kudzagwada. Tiyeni kuseri uku, ayambe iwo."

Tinapita kuseri kwa chigayo n'kukhala pa njerwa zimene zinaunjikidwa pamenepo. Chigayo chinkalira, fumbi la ufa likutuluka pazenera n'kumatigwera. Amayi aang'ono ankapita pakona kukasuzumira n'kubwerera. "Sanafike. Mwaona anthu ake? Nthawi sasunga." Mkulu wa mpingo ankatuluka, kuyang'ana kumsewu uku ndi uku, n'kulowanso. Tinakhala choncho mpaka miyendo inachita dzanzi.

Ine ndinafuna kudzithandiza. Ndinazungulira kuseri kwa magolosale kufuna chimbudzi, ndipo nditadutsa mpanda wa udzu wa tiyirumu ina, ndinamva mawu amene ndinkawadziwa. Ndinaima n'kuyang'ana pampata wa mpandawo. Anali iwo, onse, atakhala pa mulu wa nkhuni. Alamu aakazi anali atangobwera kuchokera pakona.

"Sanafike," ankatero. "Anthu amenewa ndi onyada, achimwene."

Alamu aamuna anayankha kuti, "Tikhale kaye. Tikayamba ndife kulowa aziti tabwera kudzapepesa."

Apongozi anga anakhala pansi pa thumba, atatsamira khoma. Ndinali ndisanawaone chiyambire chaka. Anali atachepa kwambiri. Kumutu anamanga duku lakuda, losuluka ngati langa lomwe. Kumapazi anavala nsapato zawo zoyera zansalu, zimene ankavala pa Mgonero pokha. Pamiyendo anafumbata jumbo, ndipo m'jumbomo munkaoneka nkhata ya maluwa ofiira ndi masamba a mkungudza. Anabwera akudziwa kuti tikangomvana, tsiku lomwelo apita kumanda. Anafunsa m'Chilomwe ngati nthawi sinakwane. Mwana wawo anati ayi, apirire pang'ono. Anakoka chitenje kufunditsa mapewa, n'kuphimbanso jumbo ija kuti isanyowe.

Pakati pa ine ndi iwo panali mpanda wa udzu wokha. Ndikanangoti odi. Mayi amenewa anandisambitsira mwana wanga woyamba, anandiphunzitsa kuphika nyemba za kalongonda osapsa m'kamwa. Koma ndinaganiza za atsibweni, kuti adzati ndawagulitsa. Ndinaganizanso za alamu aakazi, kuti adzakauza gulu lonse kuntchito kuti ndinawafunafuna kuseri kwa tiyirumu. Ndinabwerera chammbuyo mwakachetechete.

Nditafika kuchigayo ndinawauza. Ndinkaganiza kuti akamva adzaona chimene ine ndinaona. Atsibweni anamenya ndodo pansi.

"Mwamva? Anthu akuluakulu, a imvi zawo, kubisala kuseri kwa tiyirumu ngati ana othawa sukulu! Manyazi alibe anthu amenewa?"

"Asiyeni azizidwe," anatero amayi aang'ono. "Tione amene ayambe kutopa."

Ankanena zimenezi ufa uli mbuu m'mutu, m'zikope, mpaka pa jekete la atsibweni la ku maukwati. Onse anaseka. Ndinayang'ana nkhope zawo imodziimodzi kuti mwina wina achita manyazi, koma panalibe. Amayi aang'ono anandigunda ndi chigongono, ndipo inenso ndinatulutsa mano. Za nkhata ija sindinanene.

Dzuwa litafika pamutu, ngakhale silinkaoneka, mkulu wa mpingo anatseka chitseko, anakwera njinga yake n'kumapita. Ife tinadikira pang'ono, kenaka tinatulukira njira ya kumunsi kuti asatione. Mawa lake atsibweni anatumiza mawu kwa mkuluyo kuti ife tinabwera koma anzathu sanaoneke. Mkuluyo anayankha kuti mawu omwewo walandiranso kuchokera ku Goliati, ndipo iye nkhaniyi waisiya.

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde pa atsibweni sindinkakhalitsa. Nkhani zinali zomwe zija, koma tsopano akamalankhula atsibweni ndinkamva mawu a alamu aamuna, akamalankhula amayi aang'ono ndinkamva alamu aakazi. Ngakhale kaimidwe kanali kamodzi, dzanja m'chiuno, chala m'mwamba. Ndinayesa kamodzi. Ndinati, "Atsibweni, bwanji agogo aja okha tiwalole? Abwere, aone, abwerere. Enawo ayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, zonsezi tikuvutikira ndani? Si iwe? Tikawalola lero, duku limenelo udzafa nalo. Anthu amenewa samva zofatsa."

Ndinadziuza kuti mvula ikayandikira mitima idzafewa, kuti Khirisimasi ikubwera. Kuntchito ndinkawaona alamu aakazi tsiku lililonse pasikelo yoyezera masamba, dengu lawo kumbuyo kwa langa, ndipo tsiku lililonse ndinkati mawa ndiwalankhula.

Apongozi anamwalira mu Okutobala, nthawi yotentha, tiyi atachepa m'minda. Uthenga unafika kudzera kumpingo, osati kwa ife mwachindunji. Atsibweni anaitanitsa mbumba. Ena ankati tisapite. Atsibweni anati ayi, tipita, anthu angatinene, koma tipita monga anabwerera iwo. Tikafike mapemphero atayamba, tikakhale patokha, chakudya chawo tisakakhudze. Ana anawalola kupita, popeza tsopano agogo oti akawaone kunalibe.

Tinachita momwemo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo. Atsikana anabwera ndi madzi osamba m'manja, atagwada, ndipo amayi aang'ono anati, "Takhuta, ana inu. Kapatseni ena." Ananena mokweza kuti azimayi a kukhitchini amve. Mbale zinabwerera momwe anazibweretsera. Mwana wanga wamng'ono ankalira njala, ndipo ndinamutsina kuti akhale chete.

Kumanda kwawo sanatiletse kulowa, chifukwa pa tsiku la maliro njira imakhala ya aliyense. Dzenje la apongozi linakumbidwa moyandikana ndi mtumbira wina wosamalidwa bwino, wopanda udzu ngakhale umodzi. Pamwamba pake panali nkhata youma, maluwa atasanduka akhaki. Mayi wina wa m'mudzimo amene anaima pafupi nane, osadziwa mwina kuti ndine ndani, kapena akudziwa bwino lomwe, anandinong'oneza.

"Ndi pa nthochi paja apo. Agogowa anachita kupempha kuti adzawaike pamenepa. Ankabwera kudzazula udzu okha, chokwawa. Ankati ngakhale muli nthochi, dzina limene anatchula poika linali la mwana wanga."

Ndinalira kwambiri pamenepo, moti azimayi anandigwira. Akwathu anaganiza kuti ndakumbukira amuna anga. Pobwerera amayi aang'ono anati ndachita bwino kulira choncho, aone kuti ife tili ndi chisoni kuposa iwo.

Mu Disembala, mvula itayamba, anabwera kudzandisudzula. Panalibe amene anawapempha. Ndikuganiza kuti apongozi atapita, panalibenso chimene ankadikira kwa ife, ndipo nkhaniyi inangowalemera. Anabwera anayi. Atapatsidwa mipando anakana, ndiye atsibweni nawo anaimirira, ndi mwendo wawo wotupawo, kuti asakhale pansi pamaso pa anthu oimirira. Mwambo wonse unachitika chiimirire pabwalo, ine ndekha nditakhala pamphasa. Alamu aamuna ananena mawu ake mwachidule, akuyang'ana kudenga la nyumba imene mng'ono wawo anamanga. Anandiika kandalama m'manja. Alamu aakazi anawerama kumasula mfundo ya duku. Inali yolimba, ndipo anavutika nayo. Zala zawo zinali zakuda ndi zong'aluka kunsonga, monga zimakhalira zala za tonse otchola tiyi. Ndinamva mpweya wawo pakhosi panga. Atamasula anapinda dukulo bwinobwino n'kuliika pamiyendo panga.

"Mwamasuka, alamu," anatero.

"Zikomo, alamu."

Mphepo inandiomba m'mutu, koma kupepuka kumene ndinkayembekezera chaka chonse sikunabwere.

Atsibweni anaitana mdzukulu mmodzi n'kunena mokweza kuti alendowa tsopano akhoza kuonetsedwa manda. Tinapita tonse pamzere. Alamu aamuna anaima patsogolo pa mtumbira, manja kumbuyo.

"Ndi pamenepa?"

"Ndi pamenepa."

Anayang'ana pang'ono, nayang'ana mitengo, n'kunena kuti mvula ikubwera, ayenera kupeza matola. Sanabweretse nkhata. Amene ankafuna kuona malowo sanali iwo.

Madzulo amenewo kwathu kunali chisangalalo. Anapha nkhuku. Atsibweni anati, "Mwaona? Abwera okha. Kulimba mtima kumathandiza." Lolemba kuntchito, mayi wanthabwala uja anandipeza pasikelo. "Mwawala, mayi! Koma ndamva kuti munagonja, munatsegula manda nokha. Ku Goliati anaphera nkhuku." Ndinamuuza kuti kwathunso inaphedwa. Anaseka mpaka dengu linamugwa.

Mpaka lero kwathu amati tinapirira anthu ovuta. Kwawo amati anapirira anthu ovuta. Atsibweni ndi munthu wabwino, anandilera amayi atamwalira, ndipo sindikhulupirira kuti anagonapo tsiku limodzi akudziona olakwa. Alamu aamuna nawonso ndi munthu wabwino, amalipirira ana amasiye a m'banja mwawo sukulu. Akanabadwira mudzi umodzi bwenzi ali pa ubwenzi waukulu. Ine sindingaweruze aliyense wa iwo, popeza mawu oyamba okaniza mayi wokalamba manda a mwana wake anatuluka pakamwa panga, pakati pa mzere wa tiyi, ndipo ndinawanena ndi kamvekedwe komwe kaja kamene ndinkadana nako mwa alamu anga.

Ine ndi alamu aakazi sitinakambiranepo za chaka chimenecho. Sindinawauze kuti ndinawaona kuseri kwa tiyirumu. Tinayamba ndi kupatsana moni, kenaka tsiku lina anandithandiza kutula dengu, ndipo zinangopitirira choncho. Sitili monga kale, koma kapitawo sasamalanso za mizere yathu.

Ndikadali kutchola tiyi. Loweruka la malipiro ndimatenga ana n'kupita nawo ku Goliati, timagona kwa azakhali awo, Lamulungu tikatuluka m'chalichi timabwerera. Kumeneko akayamba kunena za anthu a kwathu, ndimatenga khasu n'kupita kudimba. Kwathu akayamba za anthu a ku Goliati, ndimachitanso chimodzimodzi.